Nyumba ya Tiyi ya Kumudzi ndi Mlendo Wosadya Tirigu: Mafunso ndi Mayankho

M'midzi ya ku England, ku Wales ndi ku Scotland, kutali ndi phokoso la mizinda, kumene misewu ili yopapatiza ndipo nkhosa zimadya msipu kufikira m'mbali mwa tchalitchi, mumapezeka tinyumba ta tiyi ta matebulo owerengeka, timene mwini wake, kawirikawiri mayi wachikulire pamodzi ndi womuthandiza mmodzi, amalawirira m'mamawa kuphika masikono ndi makeke a tsiku limenelo. Abale athu amene akugwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba ku Britain amafikako, ena pa tsiku lawo lopuma, ena poperekeza nkhalamba zimene akuzisamalira, ndipo amamva mlendo akupempha chakudya chopanda guluteni, mwini nyumba n'kuyankha ndi nkhope yachisoni kuti ali ndi zinthu ziwiri zokha, kapena chimodzi, kapena kuti alibiretu. Womva yankho lotere msanga amaweruza mmodzi mwa awiriwo, mlendo kuti ngwonyada, kapena mwini nyumba kuti ngwosalabadira. Tisanaweruze, nkhaniyi tiyambe taifunsa bwino.

Kodi guluteni n'chiyani, ndipo amapezeka m'zakudya ziti?

Guluteni ndi puloteni wa m'njere za tirigu, balere ndi rayi, mbewu zitatu zapachibale zimene zadyetsa anthu a ku Ulaya ndi a m'maiko a m'Baibulo kuyambira makedzana. Mayi aliyense amene adakandapo ufa wa mandasi amamudziwa ndi manja ake, angakhale dzina lake sadalimvepo, pakuti ndiye amene amachititsa kuti ufa wothira madzi ukhale wonanda ndi wotamuka, ndi kuti usunge mpweya wa chotupitsa kufikira buledi atakwera n'kukhala wofewa. Ufa wa chimanga, wa chinangwa, wa mpunga, wa mapira ndi wa mawere ulibe guluteni, ndipo n'chifukwa chake chigumu cha mgaiwa wokhawokha chimakhala cholemera ndi chonyenyeka.

Buledi, masikono, makeke ndi mabisiketi aliyense amadziwa kuti ndi za tirigu. Zimene zimakola anthu ndi zobisika: soseji amene amasakaniza nyama ndi zinyenyeswa za buledi, msuzi wa nyama umene aukhuthalitsa ndi ufa, nsomba zoviika mu ufa zisanakazingidwe, msuzi wakuda wa soya umene amathira m'zakudya za ku China, mowa wa m'mabotolo umene chimera chake ndi cha balere, ngakhalenso chakumwa chonga Milo, chimene chimera cha balere chilimo.

Kodi amene amakana tirigu sakungosankha zakudya chabe?

Anthu amene amapempha chakudya chotere ali m'magulu osiyana, ndipo kuwaphatikiza pamodzi ndiko kwabala chitonzo chambiri. Amene nkhani ino ikuwaganizira koposa ndi odwala nthenda yotchedwa coeliac. Mwa munthu wotere, chitetezo cha m'thupi, chimene chidaikidwa kuti chizilimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, chimayesa guluteni mdani, ndipo pomenyana naye chimawononga matumbo aang'ono a mwini wake yemweyo. M'kati mwa matumbo amenewa muli timinofu tosawerengeka toimirira ngati tizala, timene ntchito yake ndi kuyamwa chakudya ndi kuchipereka ku magazi. Tsono nthendayi ikakhazikika, timinofuto timafota mpaka khoma la matumbo litasalala, kotero kuti munthu amadya, nakhuta, koma thupi lake osapindula kanthu. Kuchokera pamenepo pamabwera kutsegula m'mimba kosatha, kutupa kwa mimba, kuchepa kwa magazi, kutopa kosadziwika chiyambi chake, zilonda za m'kamwa, kufooka kwa mafupa, kupinimbira kwa ana, ndipo mwa amayi ena, kupita padera. Ena amatuluka totupa toyabwa kwambiri pa zigongono ndi pa maondo. Enanso, ndipo awa ndiwo omvetsa chisoni, samva kanthu kalikonse pamene matumbo awo akuwonongeka mwakachetechete.

Ku Britain amawerengera kuti munthu mmodzi mwa anthu 100 ali ndi nthendayi, ngakhale kuti ochuluka mwa iwo sadayezedwe. Imatsata mtundu, pakuti mwa makolo, abale a bere limodzi ndi ana a wodwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nayo. Mankhwala ochiritsa palibe, jakisoni palibe; chithandizo chake n'chimodzi, kuleka tirigu, balere ndi rayi masiku onse a moyo, ndipo wodwala akatero matumbo ake amachira pang'onopang'ono.

Gulu lina ndi la anthu amene thupi lawo limadana ndi tirigu mwadzidzidzi, natupa milomo kapena kubanika pakangopita mphindi zochepa atadya. Palinso amene mimba imawavuta akadya tirigu koma madokotala osapeza chilonda m'matumbo mwawo, ndi ena amene adangomuleka pofuna kuchepetsa thupi kapena potsata zimene adamva. Otsirizawa ali ndi ufulu wodya monga afunira, ndipo sindiwanyoza. Komatu munthu akavutitsa wophika kuti amukonzere chakudya chopanda guluteni, kenaka n'kunyema keke ya mnzake pamaso pa wophika yemweyo, waphunzitsa nyumba yonse kuti pempho lotere ndi lachibwana, ndipo amene adzalipira ndi wodwala weniweni wobwera mawa. Nkhuyu zodya ana zidapota akulu.

Ndani adatulukira kuti cholakwa ndi tirigu?

Nthendayi ndi yakale, pakuti sing'anga wachigiriki Aretaeus wa ku Cappadocia adalemba za odwala otere zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, koma chiyambi chake chidabisika kwa nthawi yaitali zedi. M'chaka cha 1888 dokotala wa ku London, Samuel Gee, adalongosola bwino lomwe maonekedwe a ana odwala, mimba yaikulu pa timiyendo toonda, ndipo adazindikira kuti ngati kuchira kulipo, kudzachokera m'zakudya. Adasimbanso za mwana wina amene adanenepa pamene ankadya nkhono za m'nyanja tsiku ndi tsiku, nayambanso kudwala nyengo ya nkhonozo itatha. Koma dokotala wanzeru ameneyu, atafika pakhomo penipeni pa choonadi, adalolabe odwala ake kudya buledi wodula mopyapyala ndi kuwamba bwino. M'chaka cha 1924 Sidney Haas wa ku New York adayamba kudyetsa ana otere nthochi zambirimbiri, ana nachira, ulemu wonse n'kupita kwa nthochi, chonsecho chimene chidawachiritsa chidali chakuti pa chakudya chawo adachotsapo buledi.

Amene adamasula mfundoyi ndi Willem Karel Dicke, dokotala wa ana wa pa chipatala cha Juliana mu mzinda wa The Hague ku Netherlands, amene adayamba kukayikira tirigu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanabuke. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, asilikali a Germany atatsekereza chakudya kumadzulo kwa dzikolo, kudagwa njala yoopsa imene idapha anthu pafupifupi 20,000, ndipo anthu ankadya mizu ya maluwa posowa buledi. M'kati mwa tsoka limenelo mudaoneka chodabwitsa: ana odwala coeliac adayamba kupeza bwino pamene anzawo ankafooka, ndipo buledi atabwerera, iwo adabwereranso ku matenda awo. Dicke adalemba zimenezi m'buku la digiri yake ku yunivesite ya Utrecht m'chaka cha 1950, ndipo pamodzi ndi anzake awiri, Weijers ndi van de Kamer, adaonetsa poyeza mosamala kuti chovulaza ndi puloteni wa mu ufawo, osati sitachi yake. Mwana aliyense amene lero akula bwino chifukwa choleka tirigu ali ndi ngongole kwa munthu ameneyu, amene adakhala ndi maso oona chisomo chaching'ono pakati pa maliro ambiri.

Nanga kanyenyeswa kamodzi kangavulaze munthu?

Kangathe. M'chaka cha 2008 bungwe la Codex Alimentarius, limene limaika miyezo ya zakudya m'malo mwa maiko onse, lidakhazikitsa kuti chakudya chingatchedwe chopanda guluteni pokhapokha ngati guluteni wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi, ndipo malamulo a ku Britain ndi a ku Ulaya amatsata muyezo womwewo. Kuti tione kuchepa kwake, titenge thumba la ufa wa chimanga la makilogalamu 50: guluteni wololedwa m'thumba lonselo ndi galamu imodzi yokha, ndipo galamu imodzi ya guluteni imapezeka mu ufa wa tirigu wongodzaza supuni yaikulu. Chotero mpeni umene wadula buledi n'kukalowa m'batala, thabwa lodulirapo losatsuka, sefa, ndi makina owambira buledi amene pansi pake padzaza zinyenyeswa, zonsezi n'zokwanira kuipitsa chakudya. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene ophika ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino: amayesa kuti moto umapha guluteni monga umaphera tizilombo. Sutero ayi. Tchipisi chokazingidwa m'mafuta amene mwadutsa nsomba zoviika mu ufa chimatenga guluteni, mafutawo angawire bwanji.

Tsono n'chifukwa chiyani nyumba ya tiyi ya kumudzi imakhala ndi zochepa chotere, pamene malesitilanti a m'mizinda ali ndi zambiri?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ulemerero wa nyumba ya tiyi ya kumudzi ndi tirigu. Chimene chimakokera anthu ku Devon ndi ku Cornwall ndi sikono yotentha yopaka jamu ndi kirimu wokhuthala, ndipo zigawo ziwirizi zakhala zikutsutsana mwachikondi za chimene chiyenera kuyamba kupakidwa, a ku Devon akuti kirimu, a ku Cornwall akuti jamu. Ku Yorkshire, ku Cotswolds ndi ku mapiri a Scotland nako tebulo limadzaza ndi makeke, mabanzi ndi mapayi, ndipo zonsezi zimaphikidwa m'mawa uliwonse m'kakhitchini kamodzi, ka uvuni umodzi, tebulo limodzi lokandirapo ufa, ndi manja awiri kapena anayi. Amene adalowapo m'chigayo amadziwa kuti ngakhale sadakhudze thumba lililonse amatulukamo nsidze zili mbuu. Momwemonso ufa wa tirigu umauluka m'khitchini yotere, numatera pa mbale, pa nsalu, pa mashelefu ndi pa keke iliyonse yosavindikira. Kuti wophika alonjeze ndi mtima woyera kuti keke yake ndi yotetezeka, ayenera kukhala ndi ziwiya zake zapadera, malo ake osungirako, batala ndi jamu zake, ndiponso nthawi yake yophikira, kusanayambe kukandidwa ufa wina uliwonse. Lesitilanti yaikulu ya mu mzinda ili ndi malo ndi antchito ochitira zimenezi, ndipo zambiri imalandira kuchokera ku fakitale zili zomata kale m'mapepala. Mayi wa kumudzi alibe mwayi umenewo.

Pali nkhani ya ndalamanso. Ufa wopanda guluteni ndi wokwera mtengo, ndipo buledi wake m'sitolo amaposa buledi wamba kangapo konse. Popeza mulibe chomangirira, wophika amathiramo ufa wina wonanda wotchedwa xanthan, komabe keke yotere imauma msanga ndi kunyenyeka, kotero kuti siichedwa kutaya kukoma. M'nyumba imene m'nyengo yozizira mungalowe alendo owerengeka pa tsiku lonse, keke yathunthu yophikira munthu amene mwina sabwera imathera ku nkhuku. Galimoto yobweretsa katundu nayo siifika tsiku ndi tsiku kumidzi yakutali. Mwini nyumba akawerengera zonsezi amasankha chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene angazisunge bwino.

Ine ndikuti mayi wotere ayenera kuyamikidwa. Pakati pa nyumba ziwiri, ina imene yalemba pa bolodi zakudya khumi zopanda guluteni koma zonse zikugawidwa ndi chopanira chimodzi, ndi ina imene mwini wake akuti, "Ndili ndi keke imodzi yomata m'pepala ndi mbatata yootcha, zinazi sindingakulonjezeni," wodwala coeliac ali pabwino m'nyumba yachiwiriyo. Kuchepa kwa zakudya kumam'khumudwitsa kwa ola limodzi, koma lonjezo losasungika limam'goneka pa mphasa masiku angapo. Chimene ndimadandaula nacho ndi nyumba imene, poopa kuoneka yotsalira kapena kutaya kasitomala, imavomera chilichonse chimene yafunsidwa.

Kodi lamulo la dzikolo limakakamiza mwini nyumba kukhala ndi chakudya chotere?

Ayi, lamulo silim'kakamiza kuphika chimene sangathe. Limam'kakamiza kunena zoona. Kuyambira mu Disembala 2014 aliyense wogulitsa chakudya ku Britain ayenera kudziwitsa wogula, polemba kapena pakamwa, ngati m'chakudyacho muli chimodzi mwa zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu ena, ndipo mbewu za guluteni zili pa mndandanda umenewo pamodzi ndi mazira, mkaka, nsomba, mtedza, soya, chitowe ndi zina. Kuyambira pa 1 Okutobala 2021, chakudya chimene chakonzedwa ndi kukulungidwa pamalo pomwepo chisanagulidwe, monga sangweji ya m'pepala, chiyenera kukhala ndi chizindikiro chotchula zonse zimene zilimo. Lamulo limeneli lidabwera mtsikana wina, Natasha Ednan-Laperouse, atamwalira m'chaka cha 2016 chifukwa chodya buledi wa chitowe chimene sichidalembedwe. Ndipo amene walemba kuti chakudya chake n'chopanda guluteni wadzimanga yekha ku muyezo wa mamiligalamu 20 uja, n'chifukwa chake eni nyumba ambiri osamala amakonda kunena kuti sadathiremo tirigu koma adaphikira m'khitchini ya tirigu. Bungwe la Coeliac UK, limene lidayamba m'chaka cha 1968, limaphunzitsa ophika ndi kupereka chizindikiro kwa malo amene layendera ndi kukhutira nawo.

Nanga zimene zimapezekazo kawirikawiri zimakhala zotani?

Mbatata ya kachewere yaikulu yootcha mu uvuni ndi khungu lake, yoika tchizi kapena nyemba, ndiyo bwenzi lokhulupirika la mlendo wotere. Pamabwera supu, ngati sadamukhuthalitse ndi ufa; mazira; saladi; ndi keke ya maolenji ndi mtedza wa alimondi wopera, kapena ya mandimu ndi ufa wa chimanga wachikasu umene Ataliyana amaphikira phala lawo lolimba, makeke amene chiyambire sadafune tirigu. Nyumba zina zimasunga m'firiji masikono ogula kwa ophika apadera, n'kuwatenthetsa ali m'pepala lawo. Munthu wa kwathu akawerenga zolembedwa pa paketi ya ufa wokwera mtengo umene amaphikira zimenezi amapezapo mpunga, chimanga, mbatata ya kachewere ndi sitachi ya chinangwa, zinthu za m'munda mwa agogo ake.

Otsi, amene anthu a ku Scotland amaphikira phala la m'mawa ndi mabisiketi, amafuna kusamala. Mwa iye yekha alibe guluteni wa tirigu, koma amalimidwa, kukololedwa ndi kugayidwa ndi makina omwewo a tirigu ndi balere, kotero kuti wodwala ayenera kudya yekhayo amene walembedwa kuti ndi wosasakanikirana. Ndipo pali odwala owerengeka amene ngakhale otsi woyera amawavuta.

Mlendo afunse chiyani, ndipo afunse motani?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Choyamba, aimbe foni dzulo lake, pakuti mayi amene wachenjezedwa angathe kuphika kanthu m'mawa khitchini ili yoyera, koma amene wadzidzimutsidwa pa nthawi ya nkhomaliro, nyumba itadzaza, sangachite zambiri. Atafika, atchule nthendayo ndi dzina lake, kuti wophika adziwe kuti ndi nkhani ya matenda. Kenaka afunse za kakonzedwe, chifukwa funso lakuti "kodi muli tirigu" limayankhidwa msanga ndipo silifika pa ngozi yeniyeni. Afunse ngati buledi wake awambidwa m'makina omwewo a buledi wina, ngati batala ndi jamu zichokera m'chidebe chimene mwalowa kale mipeni, ngati mafuta a tchipisi ndi a tchipisi chokha, ndi ngati keke yake yakhala pa mbale imodzi ndi makeke ena. Wotumikira akayankha kuti apite akafunse kaye kukhitchini, chimenecho n'chizindikiro chabwino. Wokayikitsa ndi amene amavomera zonse asanamve funso lonse.

Afunse mwaulemu, podziwa kuti akulankhula ndi munthu amene wakhala chiimire kuyambira m'bandakucha, ndipo akauzidwa kuti palibe chotetezeka, alandire mawuwo monga mphatso, amwe tiyi wake, adye kamba amene wanyamula m'chikwama, atapempha chilolezo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ndipo mlendo amene wathokoza chifukwa cha keke imodzi ija walimbikitsa mwini nyumba kuti adzaphikenso. Kwa abale athu operekeza okalamba ndiwonjezepo ichi: nkhalamba imene nzeru zayamba kuithawa siingakumbuke kuti ili ndi nthendayi, ndipo idzatambasula dzanja kulandira sikono mokondwera. Kukumbuka kumeneko kuli pa mapewa a woperekeza.

Kodi imeneyi si nthenda ya azungu okha?

Kale madokotala ankaganiza chomwecho, koma zidaoneka kuti si zoona. Nthendayi imafuna zinthu ziwiri, chibadwa chotengera kwa makolo ndi tirigu wa tsiku ndi tsiku, ndipo paliponse pamene ziwirizi zakumana imapezeka: kumpoto kwa India, ku Middle East, ku Sudan ndi kumpoto konse kwa Africa. Ndipotu chiwerengero china chachikulu koposa chimene chidalembedwapo chidapezeka mu Africa muno. M'chaka cha 1999 dokotala wa ku Italy, Carlo Catassi, ndi anzake adayeza ana a mtundu wa Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, kumene ufa wa tirigu wa chithandizo udasanduka chakudya chachikulu, napeza kuti ana oposa 5 mwa ana 100 aliwonse adali ndi zizindikiro za nthendayi m'magazi mwawo.

Kwathu siimveka kawirikawiri. Chakudya chathu chachikulu ndi nsima ya chimanga, kondowole wa ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, mpunga wa ku Karonga, mapira ndi mawere, ndipo munthu wakudya zimenezi angathe kukhala ndi chibadwacho moyo wake wonse osadwala. Tirigu amalimidwa pang'ono m'malo ozizira onga Tsangano ndi Neno, wochuluka amachita kuitanitsa kunja. Komanso mwana akamatsegula m'mimba ndi kuonda, dokotala amayamba wafufuza njoka za m'mimba, chifuwa chachikulu, kachilombo ka HIV ndi kuperewera kwa zakudya, ndipo akulondola kutero, pakuti zimenezi ndizo zofala. Koma buledi ndi mandasi zalowa m'nyumba zambiri za m'tauni, ndipo ana athu obadwira ku Johannesburg, ku Leeds ndi ku Glasgow amadya tirigu m'mawa, masana ndi madzulo. Mwana wotere akamapinimbira kapena kuchepa magazi popanda chifukwa chooneka, kholo lisaope kufunsa dokotala za nthendayi.

Ngati munthu akudzikayikira, kodi angoleka tirigu yekha?

Asafulumire. Kuyeza kumayamba ndi magazi, m'mene amafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana ndi guluteni, ndipo kawirikawiri kumatsirizika ndi kulowetsa kachubu kudzera kukamwa kuti atengeko kachidutswa ka matumbo. Munthu akaleka tirigu asanayezedwe, asilikaliwo amachepa, matumbo amayamba kuchira, ndipo zotsatira zimanena kuti alibe nthenda pamene ali nayo. N'chifukwa chake madokotala a ku Britain amalangiza kuti munthu apitirize kudya guluteni tsiku lililonse, koposa kamodzi pa tsiku, kwa milungu 6 asanayezedwe.

Nanga mkate wa Mgonero wa Ambuye?

Funso limeneli limasautsa okhulupirira ambiri m'mitima. Mipingo yambiri ya Chipulotesitanti imalola mkate wopanda tirigu ndipo imauika pa mbale yake. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti mkate wa Ukalistia uyenera kukhala wa tirigu, ndipo kalata yochokera ku Vatican ya chaka cha 2017 idabwereza kuti mkate wopandiratu guluteni suloledwa, koma wa guluteni wochepa kwambiri ndi wololedwa. Amene ngakhale umenewo sangaulandire angathe kulandira za m'chikho zokha. Wodwala akambirane ndi wansembe kapena mbusa wake mapemphero asanayambe.

Kodi mwini nyumba ya tiyi kapena nyumba ya alendo ya kwathu angatengepo chiyani?

Alendo obwera kudzaona nyanja, phiri la Mulanje, la Zomba ndi mapiri a Dedza amafunsa funso lomweli, ndipo wophika wa kwathu, poona kuti alibe buledi wapadera wa m'sitolo, amapepesa ngati wosauka, chonsecho ali ndi zambiri kuposa mayi wa ku Devon. Ali ndi mbatata yophika ndi futali, chinangwa, nthochi zootcha, phala la mpunga kapena la mgaiwa lothira nsinjiro, mtedza wokazinga, mazira, nsima ndi chambo chowamba, ndiwo zamasamba zotendera, ndi thobwa la chimera cha mawere. M'khitchini imene simukandidwa tirigu, zonsezi n'zotetezeka monga zilili, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri ya kumene adadya bwino osadwala amapita nayo kutali.

Zosamala zake n'zowerengeka. Zitumbuwa ndi tchipisi zisakazingidwe m'chiwaya cha mandasi. Nsomba ndi nkhuku zisaviikidwe mu ufa wa tirigu. Ufa woyera wa chimanga umagwira ntchito yomweyo. Timapaketi ta zokometsera ndi tokhuthalitsa msuzi tiyambe tawerengedwa, pakuti tambiri tili ndi tirigu, ndipo tomato, anyezi ndi mchere n'zokwanira. Mthiko, sefa ndi lichero zimene zakhudza ufa wa masikono zikhale pazokha, ndipo wophika asambe m'manja asanagwire mbale ya mlendoyo. Chigumu ndicho chimafuna kunena zoona kwenikweni, chifukwa amayi ambiri amathiramo kapu imodzi ya ufa wa tirigu kuti chikwere ndi kufewa, ndipo pochigulitsa amachitchabe cha chimanga. Mlendo akafunsa kuti, "Mayi, kodi m'chigumu ichi muli tirigu?" amene adathiramo kapu imodziyo ayankhe kuti ilimo, amuphikire mbatata.